Bedi la Kabatani

Kalavani ija ndinaipeza kuseri kwa galaja yomwe ndinagwirako ntchito zaka makumi atatu. Kwa amene simuidziwa, kalavani ndi kanyumba ka malata kokhala pa matayala awiri, komwe anthu osowa chochita amakoka ndi galimoto akafuna kukagona kutali ndi kwawo. Iyoyi inasiya kuyenda ine ndisanayambe n'komwe ntchito pamalopo. Inangokhala pa njerwa, utoto utasuluka, ndipo agalu a mlonda ndiwo ankaswerana pansi pake chaka ndi chaka.

Ntchito yanga inali yosoka mipando ya galimoto. Munthu ankabwera ndi mpando wong'ambika, siponji ili panja ngati matumbo, ine n'kuubweza uli wonyadira. N'chifukwa chake aliyense ankanditchula kuti Mayi Siponji, ngakhale ana omwe sankadziwa kuti siponji n'chiyani. Tsiku lopuma ntchito abwana anandifunsa mphatso yomwe ndikufuna, wailesi kapena wotchi ya pakhoma. Ine ndinaloza kalavani. Anaseka mpaka kutsokomola, koma ataona kuti ine sindikuseka, anatuma thirakitala kuti ikandisiyire kunyumba.

Chifukwa chake chinali ichi. Ndimakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa shopu ya matayala. Muli bedi, makina osokera, mbaula ndi mipando iwiri, ndipo ukatsegula chitseko mwamphamvu chimagunda bedi. Mwana ndili naye mmodzi, wamkazi, namwino mumzinda wina, ulendo wa maola asanu ndi limodzi pa basi. Patatsala mwezi kuti ndipume, anabwera kudzandiona ndi mwana wake wa zaka zisanu ndi zitatu. Mdzukulu ameneyu ndimamutchula kuti Kabatani, chifukwa atabadwa anali kakang'ono, kozungulira, ngati batani la pampando.

Tinacheza bwino masana onse. Dzuwa litapendeka mwana wanga anaponya maso m'chipindamo, uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Amayi, nanga tigona pati?"

"Inu pabedi, ine pansi," ndinatero.

"Ndi msana wanuwo? Ayi. Tikagona kunyumba ya alendo pafupi ndi depoti, basi yake ndi yam'mawa kwambiri."

Sanalankhule mwachipongwe, koma zinandiwawa, ndisaname. Asanatuluke ndinamuimika Kabatani pafelemu ya chitseko, zidendene pamodzi, ndipo ndinalemba mzere pamwamba pa mutu wake ndi choko changa chosokera, cha buluu. Iye anatembenuka n'kuuyang'ana mzerewo ngati wapatsidwa mendulo. Atapita ndinakhala pabedi ndi makapu atatu akuda, ndipo ndinalumbira kuti funso limenelo silidzafunsidwanso pakhomo panga.

Thirakitala inaisiya kalavani pabwalo, pakati pa chingwe choyanikira zovala ndi mpanda. Kunja inkaoneka yoti kungoitsuka basi. Nditalowa, phazi langa linaboola pansi mpaka m'bondo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Matabwa anali ataola, denga linkadontha malo anayi, labala wa m'mazenera ankayoyoka ukangomukhudza, ndipo makoswe anali atatsegula mudzi m'makhushoni.

Woyamba kudzaiona anali mnansi wanga wa kuseri kwa mpanda, bambo wowotcherera zitsulo. Onse amawatchula kuti a Mawamawa, chifukwa chilichonse chomwe ungawapemphe yankho lake ndi mawa. Anasuzumira pakhomo la kalavani, n'kugwira mphuno.

"Mayi Siponji, mwagula manda kapena khola?"

"Chipinda cha alendo."

"Alendo ake ati? Ine chikhalireni pano sindinaone mlendo pakhomo panu, kupatula owerenga mita ya madzi."

"Mudzawaona. Inu mungondiwotcherera zitsulo zapansizi, zadyeka ndi dzimbiri."

"Mawa," anatero.

Mawa lawolo linafika patapita milungu isanu ndi iwiri. Koma kunena zoona, ntchito amaidziwa.

Ndinadzipatsa miyezi isanu ndi umodzi. Ndinatulutsa zonse zoola, ndinapala dzimbiri ndi bulashi ya waya mpaka zala zinachita matuza, ndinayala matabwa atsopano pansi. Zitangotha izi, ngakhale denga linali likudonthabe, ndinayamba bedi la Kabatani, chifukwa ndilo linkandikoka mtima. Kutsogolo kwa kalavani kuli tebulo lomwe limatsika n'kukhala bedi la munthu wamkulu, ndipo limenelo linali la amayi ake. La mwanayo ndinalikonzera kumbuyo, m'mbali mwa zenera laling'ono, kuti akadzuka aziona mtengo wa mapeyala wa a Mawamawa.

Ndinatenga tepi n'kuyeza kuchokera pansi mpaka pamzere wa choko uja. Kenaka ndinawonjezera zikhatho ziwiri. Pantchito yathu ndi mmene timachitira: nsalu sumaidula ndendende, umaisiyira mpata. A Mawamawa anandipeza ndikudula thabwa.

"Silifupika limenelo? Ana amakulatu."

"Ndawonjezera zikhatho ziwiri. Zaka makumi atatu sindinabwezeredwepo mpando kuti wachepa. Inu samalani zitsulo zanu."

Malo otsala kumiyendo kwa bedi ndinamangapo kabati yofika kudenga. Kabati imeneyi ndinaikonda kuposa china chilichonse m'kalavanimo. Zitseko zake ndinazipanga ndi thabwa la benchi yomwe ndinkadulirapo nsalu kugalaja, lokhala ndi zipsera za mpeni wanga. Ndinalikwecha ndi sandipepala, ndinalipaka vanishi kasanu. Inanditengera miyezi isanu ndi iwiri, ndipo pofika apo miyezi isanu ndi umodzi ija inali itakhala chaka ndi theka.

Mwana wanga ankaimba foni Lamlungu lililonse masana. Foni yanga ndi ya mabatani, yongolankhulira, ndiye zithunzi sindinkaziona. Za kalavani sindinamuuze. Ndinkafuna adzangofika, ndidzatsegule chitseko, aone yekha kuti amayi ake si munthu wosowa pogoneka alendo.

Chaka chachiwiri anati, "Amayi, sukulu atsekera sabata yamawa. Tibwere?"

Tsiku limenelo denga linali pansi, litatsamira mpanda. Ndinali nditalitsitsa ndekha, ndipo a Mawamawa anali atandiseka kale kuti mutu umodzi susenza denga. Ndinaliyang'ana pazenera n'kuyankha kuti, "Ndili ndi chimfine choopsa, mungatengere. Tiona ulendo wina."

Chaka chachitatu anafunsanso. Nthawi imeneyo mazenera anali opanda magalasi, ndikusaka labala woyenera m'magalaja onse a mumzinda. Ndinati kuno madzi akuvuta, tiona.

"Ndiye bwerani inuyo," anatero.

"Nyumba ndiisiya ndi ndani? Tiona, mwanawe."

Anafunsa kachitatu chaka chinacho, ndipo ndinali nditatsala ndi utoto wakunja ndi mawaya a magetsi. Sindikumbuka bodza lomwe ndinanena, koma ndikudziwa kuti linathera pa tiona. Kuyambira pamenepo sanafunsenso. Foni inkabwerabe, koma inafupika. Kabatani ankapatsidwa foniyo kumapeto, n'kunena kuti, "Agogo, muli bwanji?" Ine ndili bwino, iye ali bwino, basi. Mawu ake m'khutu mwanga anali omwe aja.

Masiku anga ankafanana ngati mabatani a malaya amodzi. Ndinkadzuka, kumwa tiyi nditaimirira, kulowa m'kalavani, kutuluka dzuwa litafika pamtengo wa mapeyala. Anzanga akugalaja poyamba ankadutsa kudzandiona, koma munthu amene amakuyankha ali ndi misomali pakamwa sumamuyendera kawiri. Ndinasungulumwa kwambiri, ndipo ndikasungulumwa ndinkawonjezera ntchito. Ndinasoka makatani a timabakha tachikasu. Ndinasoka pilo wooneka ngati batani, wa mabowo anayi. Pansi pa bedi ndinaikapo kabokosi koikamo zidole. Nthawi zina ndinkadzipeza ndikulankhula ndi bedilo, kulifunsa ngati siponji yake yafewa bwino.

Ndinamaliza patatha zaka zisanu, Lachinayi masana. Kunja inali yoyera ndi mzere wobiriwira, malata akuwala moti a Mawamawa anadziyang'anapo n'kukonza kolala. Mvula itagwa sabata imeneyo ndinakhala m'katimo maola awiri, maso kudenga, ndipo silinadonthe ngakhale dontho limodzi. Lamlungu foni italira sindinadikire moni.

"Bwerani. Malo ogona alipo."

"Amayi, mukudwala?"

"Sindikudwala. Ndati bwerani."

"Mundiuze zoona. Adokotala anena chiyani?"

"Iwe, munthu sangaitane mwana wake osafa?"

Anati abwera Loweruka, koma Lolemba ali pantchito.

Loweruka ndinakolopa m'kalavani kawiri, ndinayala zofunda, ndinaika pilo wa batani pamalo pake. Nthawi itadutsa ya chakudya chamasana ndinamva geti likulira. Analowa mwana wanga, atanenepa pang'ono, imvi ziwiri zitatu pachipumi. Pambuyo pake panali mtsikana wamtali, wovala buluku, tizingwe ta nyimbo tili m'makutu. Ndinamupatsa moni wa mlendo, kenaka ndinasuzumira kuseri kwawo, kugeti, kuti mwanayo watsalira pati.

"Agogo, mukufuna ndani?" anafunsa mtsikanayo.

Mawu anali omwe aja. Ndinakweza mutu kuti ndimuone nkhope, ine amene ndinkawerama kuti ndimupukute mphuno. Ndinadziwa nthawi yomweyo chomwe chikundidikira m'kalavanimo. Koma miyendo inali itayamba kale kuwatsogolera.

Ndinatsegula chitseko. Mwana wanga analowa atawerama, anagwira tebulo, anagwira kabati, anayendetsa chala pazipsera za mpeni.

"Mwapanga nokha zonsezi?"

"Ndekha. Zitsulo zokha ndiye a Mawamawa. Iwe ugona apa, tebuloli limatsika."

Kabatani anali ataima kumbuyo, akuyang'ana timabakha ta pakatani. Anachotsa tizingwe m'makutu. Anatenga pilo uja, anawerenga mabowo ake ndi chala, ndipo anandiyang'ana.

"Ili ndi langa?"

Iye anavula nsapato yekha n'kugonapo. Mutu unafika kukhoma, mapazi anagunda kabati, ndipo mawondo anatsala ali m'mwamba ngati munthu wokwera minibasi yodzaza. Anayesa kugona chammbali, mawondo n'kutuluka panja pa bedi.

"Ndi lofewa bwino, agogo," anatero. Mwana wamakhalidwe. Zikanakhala bwino akanangoseka.

Amayi ake anakhala pampando wa patebulo pang'onopang'ono. "Munayamba liti?"

"Mutangopita."

"Chimfine chija chinali chimenechi? Madzi aja?"

Ndinangoyang'ana pansi, pamatabwa anga osalala.

"Zaka zisanu, amayi. Ine ndinkagona ndikudzifunsa kuti tinakulakwirani chiyani. Mwanayu anandifunsapo ngati agogo ake anakwiya naye. Ndinasowa chomuuza."

"Unati tigona pati."

"Ndinangofunsa! Linali funso basi."

"Ndinati ndigona pansi, unakana."

"Ndiye mukanandikalipira. Mukanati iwe khala pansi, ndine mayi ako. Si mmene mumachitira zinthu zina zonse? Tikanabwera ndi mphasa yathu. Mukanangondifunsa kuti mwanayu wafika pati, bwenzi nditakuuzani kuti nsapato timavalirana."

Safunsa adadya phula. Mwambi umenewu ndinkauuza anyamata ophunzira ntchito kugalaja, ndipo tsiku limenelo palibe amene anafunika kundikumbutsa.

Zikwama zawo anali atazisiya kale kunyumba ya alendo ija pafupi ndi depoti. Mwana wanga anati sanadziwe kuti malo ogona omwe ndinkanena ndi otani, ndiye anangodzera komweko. Sindikanamuimba mlandu. Tinadya m'chipinda changa, awiri pamipando, mmodzi pabedi, tikukamba za mtengo wa basi ndi za mayeso a Kabatani. Dzuwa lisanalowe ananyamuka. Anati adzadutsa m'mawa cha m'ma teni kudzatsanzika, basi yawo ndi ya masana.

Kutacha, tambala wa kushopu ya matayala asanatope, ndinagogoda pampanda.

"A Mawamawa, bwerani ndi chitsulo chozulira misomali. Osati mawa. Lero."

Anasuzumira pamwamba pa mpanda, anandiyang'ana nkhope, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni sananene kuti mawa. Anabwera atavala malaya mopotoza.

"Tikuphwanya chiyani?"

"Kabati."

"Ya vanishi kasanu ija? Mayi Siponji, taganizani kaye."

"Ndaganiza zaka zisanu. Zulani."

Ndinali nditaimanga kuti isadzagwedezeke mpaka kalekale, ndiye inakana kutuluka mwaulemu. Guluu anachoka ndi khungu la khoma. Thabwa lina linang'aluka pakati. Pomwe inaima panatsala chilonda chachikulu chopanda utoto, mabowo a misomali ali mbwee. Chitseko chimodzi cha kabatiyo, cha benchi yanga ija, ndinachigoneka pamiyendo iwiri ya matabwa n'kuchilumikiza kubedi. Ndinadula siponji, ndinaikuta ndi nsalu yotsala ya makatani, chifukwa ina ndinalibe. Msoko wake unali wokhota. Kugalaja ntchito yotere ndikanamubwezera mwini wake.

Anafika teni itadutsa, zikwama zili m'manja. Mwana wanga anaona matabwa ali mulu pabwalo n'kuyang'ana manja anga. Kabatani analowa, anavulanso nsapato n'kudziwongola. Anakwana, ndipo kunatsala mpata woposa zikhatho ziwiri. Anagona choncho kanthawi, maso pazenera.

"Mtengo uwo ndi wa mapeyala?"

"Ndi wa a Mawamawa. Akapsa amagwera kuno."

"Tiye, basi itisiya," anatero amayi ake ali pakhomo. Sananene mwaukali.

Ndinafuna kunena kuti mwanayu atsale, sukulu ndi yotseka. Koma ndinamuona akumanga zingwe za nsapato, mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu yemwe sindinkadziwa chomwe amakonda kudya kapena dzina la mnzake ngakhale mmodzi, ndipo ndinachita manyazi kumupempha kuti akhale ndi mlendo.

Podutsa pakhomo la chipinda changa Kabatani anaima. Mzere wa buluu uja unalipobe, chifukwa pokolopa ndinkaulambalala. Unamufika pansi pa phewa. Anatembenuka, anatsamira felemu, zidendene pamodzi.

"Lembani, agogo."

Ndinatenga choko, ndinanyanyamphira, koma sindinathe kuona pamwamba pa mutu wake. Amayi ake anandilanda chokocho n'kulemba okha. Kenaka anandibwezera m'dzanja, anafinya zala zanga pang'ono, ndipo anatuluka pageti. Ndinawaperekeza mpaka pashopu ya matayala, pomwe anakwera galimoto yopita kudepoti.

Masana a Mawamawa anabwera kudzatenga chitsulo chawo. Anayang'ana chilonda cha pakhoma chija n'kupukusa mutu.

"Apa mupakepo utoto. Ndipo kumiyendoku mukhomeko thabwa, lioneke ngati bedi."

"Zisiyeni choncho."

"Mpaka liti?"

"Mawa," ndinatero. Anaseka, koma ine sindinathe.

Kumiyendo kwa bedilo sindinakhomeko kanthu mpaka lero. Makatani a timabakha ndinawachotsa, ndipo zenera lili lopanda kanthu, chifukwa ndikufuna mwini wake adzasankhe yekha nsalu. M'mawa uliwonse ndimatsegula kalavani kuti mulowe mphepo, madzulo n'kutseka.

Lamlungu lotsatira foni inalira nthawi yake yomwe ija. Tinafunsana za ulendo, za msana wanga, za mvula. Kenaka ndinafunsa ndine.

"Tchuthi chikubwerachi, mubwera?"

Ndinamva akupuma. Kumbuyo kwake kunkamveka madzi akuthira mu sinki, ndi wina akutseka chitseko.

"Tiona, amayi," anatero.

Ndinati chabwino, ndipo ndinakhala ndi foniyo kukhutu mpaka itadula yokha.